Gulugufe wa ku Brazil amene anadzera m'belo la kaunjika

Sabata yatha ndinanama bodza lokongola kwambiri moti ineyo mwini wake, ndikatseka maso, ndimaliona likuuluka.

Zinayambira pakhonde pa agogo anga aamuna kuno ku Mua, masana ena dzuwa likuswa mtengo, nkhuku zitayasama pamthunzi. Ndimakhala ndi agogowa chifukwa makolo anga ali ku Joni. Kwa inu amene mwayamba lero kuwerenga ndime ino, ndine Yasinta wa Fomu 3, uja aphunzitsi anamuchotsa kumbuyo n'kumukhazika kutsogolo kuti azimuona manja.

Agogo anaphunzitsa kupulayimale moyo wawo wonse. Mukayenda kuchokera ku Mua mpaka ku Mtakataka, anthu ambiri amene mungapatsane nawo moni anadutsa m'manja mwawo, ndipo mpaka lero amangowatchula kuti Aphunzitsi. Nthawi yokolola anagwa panjinga n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Kuchipatala anawathandiza bwinobwino, anawapatsa ndodo, n'kuwauza kuti aziyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse. Ndodoyo anaikoleka kuseri kwa chitseko.

"Anthu amene ndinkawathamangitsa akachedwa kusukulu andione ndikudzikoka ndi mtengo? Iyayi."

Kuyambira pamenepo dziko lawo linangokhala chipinda, khonde ndi chimbudzi chakuseri, mogwira khoma.

Ndiye anandiimbira foni azakhali anga a Felesita, mwana wawo woyamba, amene amakhala ku Lilongwe. "Ndikubwera Loweruka," anatero. "Ndikawapeza akadali pampando uja, ndikuwanyamula. Kuno kuli chipinda, kuli mpanda, kuli wowayang'anira." Agogo anamva zonse, poti azakhali akamayankhula pafoni sipafunikanso kukweza mawu. Anangoyang'ana kumapiri. Koma ine ndimawadziwa. Mukawatsekera mumpanda wa njerwa, kumene kulibe wodutsa wowavulira chipewa, adzazima ngati nyali yotha parafini.

Musandiveke ulemu umene si wanga. Sindinaname kuti ndipulumutse munthu. Ndinanama chifukwa pakhomo panali zii, ndipo ine pamalo pakakhala zii m'manja mumandiyabwa.

Agogo ali ndi buku lalikulu la agulugufe a dziko lonse lapansi, limene anawasiyira wansembe wina wakale pobwerera kwawo. Chikuto chinathothoka, masamba ake amanunkha ngati kabati ya m'tchalitchi. Amandiletsa kuligwira ndi manja odyera mango, choncho ndimaligwira iwo akagona masana.

Abale anga, munayamba mwatsegulapo buku n'kumva ngati pansi pakuyenda? M'menemo muli gulugufe wa mapiko oonekera ngati galasi, woti akatera paduwa umaona duwalo kudzera mwa iye. Muli wa ku India amene akatseka mapiko amasanduka tsamba louma, lokhala ndi mitsempha ndi kaphesi komwe. Muli wa kuzilumba zakutali, wamkulu moti ungamuyese mbalame. Muli ena amene amanyamuka chigulu kudutsa mayiko, popanda pasipoti, popanda wowafunsa pachipata kuti mukupita kwa yani. Ine ndikamaona zimenezi ndimaiwala kuti mawa kuli mayeso a masamu. Ndimangoona ndili m'nkhalango ina yonyowa, kumene kuwala kumagwa madonthomadontho, ndipo palibe akundituma kumjigo.

Koma tsamba langa la pamtima ndi la wabuluu. Limenelo ndinaliloweza kuposa Katekisimu.

"Agogo," ndinatero masana amenewo, "kumtsinje kuli gulugufe wachilendo."

Sanatembenuke n'komwe. "Onse ndi achilendo kwa munthu wosawerenga."

"Wabuluu. Wamkulu ngati chikhatho changachi."

"Wakuda wa madontho abuluu. Aja amatera panjira aja. Ndi wamba ameneyo."

"Ayi, wabuluu yense. Ngati wina wang'amba kachidutswa ka thambo n'kukaponya pakati pa mitengo."

Apo mutu unatembenuka. Magalasi anatsikira pamphuno, ndipo ndinadziwa kuti kalasi yayamba.

"Tinyanga take tinali totani? Ta kamutu kumapeto ngati machesi, kapena taubweya ngati nthenga?"

"Ngati machesi."

"Ndiye si wausiku. Atatera anatani?"

"Anatseka mapiko, buluu yense n'kuzimiratu. Kunsi ndi wofiirira ngati fodya wouma, ali ndi maso ozungulira ngati a kadzidzi."

"Amauluka bwanji?"

Apa ndiye panavuta, chifukwa m'buku agulugufe sauluka. Ndinatseka maso n'kungonena zimene ndimaona ndikamalota ndili maso. "Amauluka ngati munthu amene sakuthamangira kulikonse. Akwera, atsika, akweranso. Akatsegula mapiko waoneka, akatseka wasowa, ngati wina akuyatsa ndi kuzimitsa tochi."

Agogo anati, "Morpho," chapansipansi, ngati akutchula mnzawo amene anasiyana naye kalekale. "Ameneyo kwawo ndi ku Brazil, mwana iwe. Pakati pathu pali nyanja yamchere yoti ngakhale ndege imafika itatopa. N'zosatheka."

"Mwina anasochera."

"Choka apa."

Ndinachoka ndikuseka m'mimba, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Koma kuseri kwa mpanda wathu wa udzu kunali Anabanda, mayi woyandikana nafe, amene anabwera kudzabwereka lichero. Pa zonse zimene tinakambirana, iwo anatolapo mawu amodzi okha: Brazil.

M'mawa mwake ndikupita kumjigo, ndinapeza amayi akukambirana za gulugufe wanga. Wina anamuona pamanda. Wina anamuona atatera pachingwe choyanikira zovala. Pofika Lachitatu nkhani inali itakwera minibasi. Mnzanga wa m'kalasi amene kwawo ndi ku Bwanje anandiuza, nkhope ili gwa, kuti alimi ampunga akuda nkhawa chifukwa chilombocho chimaikira mazira m'ngalande. Ndinamufunsa kuti wamva kwa yani. Anati, "Aliyense akudziwa."

Koma amene anandigonjetsa ndi akabaza a pa Golomoti. Iwo ndiwo anayankha funso limene linakanika agogo ndi buku lawo lonse: nanga anawoloka bwanji nyanja? Akuti anabwera ali mbozi, atagona m'thumba la jekete, m'belo la kaunjika. Belo litadulidwa pamsika, anthu akulimbirana madiresi, iye anatuluka, n'kudziwongola, n'kulunjika kumapiri.

Ndikunena pano, nditamva zimenezi ndinachita nsanje. Bwanji sindinaziganize ndekha?

Tsono tiyeni tikambirane, inu ndi ine. Tili ndi matenda ife anthu, ndipo si malungo. Palibe amafuna kukhala womaliza kuona chinthu. Lole ikagwa pamsewu wa M5, mudzi wonse unali pomwepo, ngakhale amene anali kudimba. Njoka ikaphedwa kuseri kwa sukulu, pofika madzulo yakula kuposa mtengo wa bulugamu, ndipo aliyense anaponyako mwala wake. Kunena kuti "ine sindinaone" kumatipweteka ngati kuvomera kuti sitinaitanidwe kuukwati.

China n'chakuti chinthu timachiona chikakhala ndi adiresi yakunja. Agulugufe athu akhala akutera pamango owola chiyambire, ndipo ndani anaimapo? Timawapitikitsa ndi chitenje ngati ntchentche. Kungomva kuti uyu ndi wa ku Brazil, amayi asiya zidebe zikusefukira pamjigo.

Mukuyembekeza kuti ndidzudzule? Pepani. Ine sabata imeneyi ndinaikonda. Anthu amene amayenda ataweramira pafoni, kapena akuwerenga mavuto awo m'fumbi, anayamba kuyenda atakweza mutu. Ndinaona bambo wina ataimika ngolo pakati panjira, akuyang'ana m'mwamba mwa mtengo wa mkuyu, kukamwa kuli pululu, ng'ombe zikumudikira. Ndinaona asungwana a kwaya akuyenda chonyang'ama kuseri kwa tchalitchi. Kwa masiku angapo dera lathu lonse linali ngati likulota loto limodzi, ndipo lotolo linali labuluu.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sanasangalale: agogo. Aliyense amene anamuona gulugufeyo ankabwera kudzanena kwa Aphunzitsi, poti ndiwo ali ndi buku. Khonde lathu linasanduka bwalo la milandu.

Anabwera Lameki, wakabaza wa pa Golomoti, thukuta lili kamukamu, chipewa chili m'manja.

"Aphunzitsi, ndinamuona ndi maso angawa. Anatera pahandulo ya njinga."

"Mapiko angati?"

"Awiri."

"Gulugufe ali ndi mapiko anayi. Ndinakuphunzitsa ine ndemwe, Lameki."

"Munaphunzitsa, Aphunzitsi, koma tsiku limenelo ndinadwala."

"Kunsi kwa mapiko kunali kotani?"

"Kwabuluu."

"Bodza!"

"Ndiye kuti amene ndinamuona ineyo ndi wamkazi."

Agogo anamenya buku ndi chikhatho mpaka fumbi linatuluka. Usiku sankadya bwino. Ankangong'ung'udza kuti anataya choko chake pachabe, kuti dera lonse palibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuyang'ana chinthu n'kunena zimene waona. Koma pampando sanadzuke. Ine ndinayamba kuganiza kuti Loweruka lifika, azakhali awanyamula, ndipo bodza langa lidzangotsala lokha kumtsinje, wopanda wolitsutsa.

Loweruka m'mawa Anabanda anabweza lichero. Anaima pamasitepe, n'kuwayang'ana agogo ndi chisoni chenicheni, chosapanga.

"Pepani Aphunzitsi. Mudzi wonse wamuona, mwatsala inu nokha. Koma musadandaule, ife tizikuuzani mmene akuonekera."

Sindinaonepo nkhope ya munthu ikusintha chomwecho. Agogo anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Yasinta."

"Wawa."

"Jekete langa. Chipewa. Ndi chinthu chili kuseri kwa chitseko chija."

Kuchokera kwathu kukafika kumtsinje wa Nadzipokwe ndi pafupi, ine ndimathamanga osapuma. Tsiku limenelo njira inatalika ngati ya ku Brazil komweko. Ndodo patsogolo, mwendo wabwino, kenako wovulala uja ukubwera monyinyirika. Ankaima, n'kumanamizira kuti akuyang'ana mtengo. Ine pambuyo, buku pamutu, kampando m'manja. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo n'kulowa m'kolala. Akanagwa, bwenzi nditawagwetsa ndine.

Anthu anatuluka m'nyumba. Ndinadikira kuti wina aseke, poti chimenecho ndicho agogo ankaopa miyezi yonseyi. Palibe anaseka. Amayi ena anagwada m'mbali mwa njira. "Mwadzuka bwanji, Aphunzitsi?" Lameki anatulukira n'kutsika panjinga, akusisita mpando wakumbuyo.

"Kwerani, Aphunzitsi, ndikufikitsani."

"Ndakuuza kuti ndikufuna kabaza?"

Lameki anangoikankha njingayo pambali pawo mpaka kumtsinje, ngati akuperekeza mkwati.

Nyengo ino madzi ndi ochepa, amangoyenda m'mbali ngati akubisala. Pakati pamatsala mchenga wonyowa, pamene ng'ombe zimamwera. Ndipo pamchenga pamenepo, abale, panali agulugufe oti sindingawawerenge. Achikasu ang'onoang'ono atathithikana ngati maluwa ogwa mumtengo. Oyera. Akuluakulu akuda a madontho achikasu, mapiko akunjenjemera osaima. Onse ali duu, akumwa. Ndadutsa pamenepo kambirimbiri ndi mtolo wa zochapa. Ndinkaona chiyani masiku onsewo?

Agogo anakhala pakampando, anapuma, kenako anakweza ndodo n'kuyamba kuloza nayo ngati ali pabolodi.

"Wamkulu uyo, mbozi yake ndi imene imakuthera masamba a mandimu, Nabanda. Achikasu awo amakonda pali udzu. Mukudziwa chimene akumwa apa?"

"Madzi, Aphunzitsi."

"Mchere. Wa mumkodzo wa ng'ombe."

"Iii! Zokongola chonchi?" anatero Anabanda, atagwira pakamwa.

Ana anali atatizungulira. Agogo analoza awiri amene anali pathengo lamaluwa m'mbali, onse ofiira ngati njerwa, nsonga za mapiko zakuda za madontho oyera.

"Awa ndi amodzi?"

"Eee!" tonse.

"Yang'anitsitsani phiko lakumbuyo. Uyu ali ndi timadontho takuda tingapo. Uyo alibe timeneto. Woyambayu ndi wowawa, mbalame ikamudya imasanza, ndipo siibwerezanso. Winayo ndi wokoma ngati aliyense. Anangobwereka zovala za mnzake kuti mbalame zizimuopa."

"Ndiye ndi wabodza," ndinatero.

"Ndi wamoyo," anatero agogo, osandiyang'ana.

Mawu amenewo ndawasunga. Tsiku lina aphunzitsi aakulu akadzandiitanitsanso ku ofesi, ndidzawagwiritsa ntchito.

Tili pomwepo, tinamva mawu kumtunda. "Bambo! Bambo!" Anali azakhali a Felesita. Anafika kunyumba n'kupeza mpando uli wokha, chitseko chili pululu, ndipo mtima unawathawa. Anatsetsereka pagombe ndi nsapato zawo zam'tauni, chikwama chikuwamenya m'nthiti, n'kulowa pakati penipeni pa mchenga uja.

Agulugufe onse ananyamuka nthawi imodzi.

Sindikudziwa ngati ndingakufotokozereni. Zinali ngati mchenga wasanduka mapepala n'kuyamba kugwa chokwera. Achikasu, oyera, akuda, akuzungulira mutu wa azakhali, ena akutera pawigi. Iwo anangoima, manja ali m'mwamba, osadziwa kuti akalipe kapena aseke. Kwa kanthawi kochepa anaoneka ngati kamtsikana ka pano, osati mayi wa mpanda ndi geti.

"Felesita, wabalalitsa kalasi yonse," anatero agogo.

"Bambo, mwafika bwanji kuno?"

"Ndi miyendo. Iwe wabwera ndi chiyani?"

"Ndabwera kudzakutengani. Tinagwirizana."

"Unagwirizana wekha. Ine sindingachoke nkhani isanathe. Dera lonse likunena kuti kuno kuli gulugufe wa ku Brazil. Ine ndikuti kulibe. Koma munthu wasayansi sanena kuti kulibe atakhala pakhonde."

"Ndiye zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Kutsimikiza kuti chinthu kulibe? Pamafunika kubwera tsiku lililonse."

Azakhali anawayang'ana bambo awo kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato zodzaza matope. Kenako anandikodola ndi chala, n'kundikokera kuseri kwa bango. Amandidziwa bwino azakhaliwa. Ndine uja ndinawaikira chule m'chikwama pa Khirisimasi, ndipo mpaka lero ndimati chuleyo analowa yekha.

"Iwe Yasinta. Akuti woyamba kumuona ndiwe."

"Akutero."

"Undiyang'ane. Gulugufe ameneyu unamuonadi?"

Ndinatsegula pakamwa. Kunena zoona sindikudziwa chimene chikanatuluka. Koma nthawi yomweyo tinamva agogo akukalipira Lameki kuti asaponde pamchenga, mawu ali gwa ngati kale, ndipo titasuzumira tinawaona ataimirira okha, ndodo ikuloza m'mwamba.

"Usandiyankhe," anatero azakhali.

Anabwerera ku Lilongwe Lamulungu, mpando wakumbuyo wa galimoto uli ndi thumba la mango basi. Anasiya lamulo: agogo akhala, bola aziyenda, ndipo akangobwerera pakhonde, galimoto ibweranso. Wonyamula buku ndi kampando madzulo aliwonse ndine. Ena angati chimenecho ndi chilango. Ine ndikuti ndapeza chifukwa chomveka chothawira kutsuka mbale.

Kulapa? Ndilape chiyani? Ndikalapa kwa bambo mfumu, adzandiuza kuti ndikakonze chimene ndinalakwa, ndipo ndikakonza, munthu abwerera pampando.

Agogo sawerenga tsamba lino. Amati Chichewa cha achinyamata chimawapweteka mutu. Choncho nkhani yonse ili m'manja mwanu tsopano, inu a ku Mua, a ku Mtakataka, ndi inu akabaza a pa Golomoti amene munandiposa luso. Madzulo ano mukumana nawo panjira ya kumtsinje, atavala jekete kukutentha chonchi, akudzikoka pang'onopang'ono, maso ali m'mitengo. Adzakuimitsani ndi ndodo, adzatsitsa magalasi, n'kukufunsani ngati mwamuona wabuluu uja.

Mudzawayankha kuti chiyani?